Kuchepetsa nsima, kumwa chambiko ndi kusala kudya mukadutsa zaka 60

Munthu akadutsa zaka 60, zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi. Shuga wa m'magazi amayamba kukwera, mafuta n'kumaunjikana pamimba, pomwe minofu ya m'ntchafu ndi m'mikono ikunka iphwa. Minofu imayamba kuchepa munthu akangopitirira zaka 30, ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 pa zaka khumi zilizonse, ndipo ukalamba ukafika kuchepako kumathamanga. N'chifukwa chake kadyedwe kamene kathandiza mnyamata wa zaka 35 kakhoza kugoneka agogo ake. Mnyamata akaonda, minofu imabwerera msanga. Wachikulire akataya minofu, kudzuka pampando kumasanduka ntchito, ndipo akagwa fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka.

Choncho chimene mukufuna n'chakuti shuga atsike, mimba iphwe, koma minofu ikhalepo. Kuti zitero, zinthu zichitike motsatana: muyambe ndi mankhwala amene mumamwa, kenako shuga ndi nsima, kenako ndiwo ndi mkaka zodzaza mpata wotsalawo. Kusala kudya kwa maola angapo patsiku kubwere pamapeto, komanso pang'ono. Ambiri amayambira kumapetoku chifukwa kusala sikulira ndalama, ndipo ndi pamene zinthu zimalakwikira.

Mankhwala choyamba

Tengani buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse, mukauze adokotala kuti mukufuna kuchepetsa nsima. Mankhwala anu anayezedwa molingana ndi mmene mumadyera panopa. Chakudya chikachepa mankhwala ali pomwepo, amagwira ntchito mopitirira.

Oopsa kwambiri ndi glibenclamide ndi jakisoni wa insulin. Amenewa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda, amasokonezeka mutu. Kwa okalamba nthawi zina chizindikiro chimangokhala kulankhula zosagwirizana kapena kugwa, apabanja n'kumati ndi ukalamba. Zikachitika, sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi, wodwalayo amwe, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo ngati sanakwere mubwereze. Mkaka si wothandiza pa nthawi imeneyi chifukwa mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Wa glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kutsikanso pakapita maola.

Metformin payekha satsitsa shuga mowopsa kawirikawiri, koma amafuna kumwera pa chakudya kuti asavutitse m'mimba. Amene mumamwa empagliflozin kapena dapagliflozin musachepetse kwambiri zakudya za sitachi monga nsima, kapena kusala, popanda adokotala: magazi akhoza kuchita asidi ngakhale makina akuonetsa kuti shuga ali bwino. Mankhwala a BP, makamaka okodzetsa monga hydrochlorothiazide, amafunanso kuonedwa, chifukwa thupi limataya madzi ndi mchere m'masabata oyamba ndipo BP imatsika. Mukamamva chizungulire podzuka, kayezetseni, musalimbe nacho mtima.

Palinso anthu amene sayenera kuonda n'komwe: owonda kale, amene thupi likutsika lokha popanda chifukwa chodziwika, odwala chifuwa chachikulu kapena khansa, amene angochira kumene, ndi amene ayamba kuiwalaiwala. Awa gawo la mkaka ndi ndiwo likuwakhudza, koma la kusala ayi. Odwala impso asawonjezere nyama, nsomba kapena mkaka asanafunse kuchipatala.

Njira yachidule yodziwira ngati mimba yanu ikufunika kuphwa: dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muchizungulize pamimba cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga sizikukumana, mimba yakula.

Kuwerenga nsima

Akatswiri amati munthu akudya sitachi wochepa ngati sitachi ndi shuga wa m'zakudya zake pamodzi sizikupitirira magalamu 130 patsiku. Ena amatsikira pansi pa magalamu 50, kadyedwe kotchedwa keto. Kwa munthu wachikulire amene wadya nsima moyo wake wonse, 130 ndi pokwanira. Kutsika kufika pa 50 kumatanthauza kusiyiratu nsima, nyemba ndi zipatso zambiri, kumalira ndalama, ndipo ochepa okha ndi amene amapirira nako miyezi yambiri.

Mitanda imasiyana khomo ndi khomo, ndiye yezani yanu kamodzi kokha. Ufa wa magalamu 100 uli ndi sitachi pafupifupi magalamu 75. Ikani pasikelo ufa wonse umene ulowe m'poto, nsima ikapsa muwerenge mitanda. Ngati ufa unali theka la kilogalamu ndipo yatuluka mitanda isanu ndi itatu, mtanda uliwonse uli ndi sitachi pafupifupi magalamu 47. Tsopano onani tsiku wamba. Mitanda itatu masana ndi itatu madzulo ndi magalamu 280. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu a shuga ndi 24. Magawo anayi a buledi ndi pafupifupi 55. Botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 ndi oposa 30. Zonse pamodzi zayandikira 400.

Musadule zonse tsiku limodzi. Masabata awiri oyamba chotsani zomwa zokha: shuga wa mu tiyi, zozizilitsa kukhosi, majuwisi, thobwa ndi maheu. Zamadzimadzi zimakweza shuga msanga ndipo sizikhutitsa. Ngati tiyi wopanda shuga akukukanikani, chotsani supuni imodzi sabata iliyonse, muthiremo mkaka weniweni kapena mandimu. Uchi ndi shuga wabulawuni si njira yothawira, m'magazi zimachita chimodzimodzi.

Masabata awiri otsatira tsikirani pa mitanda iwiri pa chakudya, kenako umodzi. Mtanda umodzi masana, umodzi madzulo, makapu awiri a chambiko ndi chipatso chimodzi, mwafika cha pa 130. Yambani ndi ndiwo, nsima ibwere pambuyo: masamba ndi nsomba zikatsogola m'mimba, shuga amakwera pang'onopang'ono.

Pali zolakwika zitatu zimene zimabwerezedwa kwambiri. Choyamba ndi kuganiza kuti mgaiwa ndi mankhwala. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga akadalimo, koma sitachi wake sasiyana kwambiri, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Chachiwiri ndi kusiya nsima n'kulowa mpunga, chinangwa kapena kondowole. Kapu ya mpunga wophika ili ndi magalamu pafupifupi 45, ofanana ndi mtanda uja, ndipo chinangwa chili ndi sitachi wochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mbatata. Maungu ndiwo opepuka, magalamu 100 safika ndi 10 omwe. Chachitatu ndi zipatso za m'nyengo. Nthochi imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndipo beseni la mango mu Disembala limafafaniza khama la mwezi wathunthu. Mapeyala, magwafa ndi kagawo ka papaya n'zabwinoko.

Chodzaza mpata

Nsima ikachepa ndiwo zili zomwe zija za pakambale kakang'ono, munthu amangokhala ndi njala, ndipo thupi limayamba kudya minofu yake. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akatswiri a kadyedwe ka okalamba amalangiza mapuloteni, amene amamanga minofu, okwana galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu 60 mpaka 72. Minofu ya wachikulire simva msanga, imafuna magalamu 25 mpaka 30 pa chakudya chimodzi kuti iyambe kudzimanga, ndiye ndi bwino kugawa katatu kusiyana ndi kuunjika zonse pa mgonero.

Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Mtedza wodzaza dzanja, magalamu 30, uli ndi 7. Kapu ya nyemba, nandolo kapena khobwe wophika ili ndi 11 mpaka 15. Nyama kapena nkhuku yophika ya magalamu 100, kukula ngati chikhatho chanu, ili ndi 25 kapena kuposa. Usipa ndi matemba ouma ndiwo opambana pa mtengo: magalamu 40 okha amapereka oposa 20, ndipo popeza timadya ndi minga yomwe, kashiamu wolimbitsa mafupa amabwera nawo. Ngati ndi othira mchere, anyikeni m'madzi ofunda n'kutaya madziwo musanaphike. Soya pisesi nayenso, pafupifupi theka la kulemera kwake akadali wouma ndi mapuloteni.

Kadzutsa wa mazira awiri, kapu ya chambiko ndi mtedza wodzaza dzanja akukwana magalamu 27, ndipo amakufikitsani masana osalakalaka mandasi. Nyemba zili ndi sitachi wakenso, ndiye tsiku la nyemba dulani mtanda pakati. Masamba adzaze theka la mbale: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, khwanya, kholowa, therere, kabichi. Otendera ndi abwino kwambiri chifukwa nsinjiro zimakhutitsa, bola mtedza wake ukhale wosankhidwa bwino. Wachuku, wofota ndi wowawa tayani, chifukwa chukucho chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake.

Chakudya chokha sichimanga minofu. Kawiri kapena katatu pasabata, khalani pampando n'kudzuka osagwira ndi manja, kakhumi, mupume, mubwereze katatu. Kankhani khoma ndi manja, nyamulani zigubu za madzi. Mukatha kudya yendani mphindi 10 kapena 15, chifukwa minofu yogwira ntchito imakoka shuga m'magazi.

Mkaka wosachotsa mafuta

Kwa zaka zambiri anthu ankalangizidwa kumwa mkaka wochotsa mafuta poopa matenda a mtima. Kafukufuku wa PURE, amene anatsata anthu oposa 136,000 m'mayiko 21 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amene ankadya zamkaka kupitirira kawiri patsiku ankadwala mtima mocheperapo poyerekeza ndi amene sankadya n'komwe, ngakhale amene ankadya zosachotsa mafuta. Kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, osati kuti chimodzi chimachititsa chinzake. Wogwira mtima kwambiri kwa achikulire ndi wa ku Australia wa mu 2021, wochitikira m'nyumba 60 zosungira okalamba. Kumene anawonjezera mkaka, yogati ndi tchizi kuchoka pa magawo awiri kufika pa atatu ndi theka patsiku, kuthyoka kwa mafupa kunachepa ndi 33 pa 100, ndipo kwa fupa la m'chiuno ndi 46 pa 100.

Kapu ya mamililita 250 ili ndi mafuta magalamu 8, shuga wachibadwa wa mumkaka magalamu 12 ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 300. Makapu awiri patsiku ndi muyezo wabwino. Koma pali malire. Bungwe la WHO limalangizabe kuti mafuta a mtundu wouma, onga a nyama ndi a mkaka, asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya chakudya cha tsiku, kwa achikulire ambiri cha pa magalamu 20. Si mafuta onse a mumkaka amene ali a mtundu wouma, komabe makapu awiri aja atenga kale theka. Supuni yaikulu imodzi ya batala ili ndi 7, ndipo batala amakweza kolesitolo woipa, mafuta a m'magazi otseka mitsempha, kuposa tchizi wa mafuta ofanana. Ndiye chambiko ndi yogati inde, koma zothira batala mu khofi zimene mumaziona pa intaneti zisiyeni. Amene munadwalapo mtima kapena sitiroko, kapena kolesitolo wanu ndi wokwera kale, funsani kaye adokotala.

Werengani zolembedwa papaketi. Ufa woyeretsa tiyi monga Cremora si mkaka, ndi shuga wa gulukosi ndi mafuta a zomera. Mkaka wa kondensi wotsekemera, kupitirira theka ndi shuga. Yogati wa sitiroberi ndi wa vanila ndi wothira shuga. Mkaka wina waufa anauchotsa mafuta ake n'kuikamo a kanjedza, ndiye funani wolembedwa kuti full cream, musungunule masupuni aakulu anayi osasefukira m'kapu ya madzi.

Ambiri mwa ife mkaka wosasasa umatitupitsa m'mimba, kutipatsa mpweya kapena kutsekula kumene, chifukwa thupi la munthu wamkulu limasiya kugaya bwino shuga wa mumkaka. Yambani ndi theka la kapu, pamodzi ndi chakudya. Chambiko sichivutitsa kwambiri chifukwa tizilombo tosasitsa tadya kale gawo la shuga ameneyu.

Kupanga chambiko pakhomo n'kosavuta, koma kungosiya mkaka wosaphika kuti usase wokha n'kuika moyo pachiswe. Mkaka wa ng'ombe ukhoza kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda a brucellosis, ndipo kusasa sikupha tizilombo timeneti. Chitani motere. Sefani lita imodzi ya mkaka pansalu yoyera. Wiritsani mpaka ufufume, mukutakasa kuti usapserere pansi. Vindikirani, uzizire mpaka dontho lake lisamveke kutentha padzanja. Thiranimo masupuni aakulu awiri kapena atatu a chambiko chabwino chogula ngati mbewu, mutakase, muthire m'botolo lagalasi kapena chigubu chotsukidwa ndi madzi otentha. Musasasitsire m'poto wa aluminiyamu. Siyani pamthunzi, osagwedeza, maola 12 mpaka 24.

Chikakana kugwira, zifukwa zake ndi zodziwika: munathira mbewu mkaka ukadali wotentha n'kuipha, kunja kukuzizira ngati mu Juni ndi Julayi (kulungani chigubu m'nsalu, mudikire), kapena ng'ombeyo ikulandira mankhwala opha tizilombo, amene amaphanso tizilombo tosasitsa. Chikalekana, madzi achikasu pamwamba, chasasa mopitirira, zimene zimachitika msanga mu Okutobala. Chimenecho n'chodyeka, ingotakasani. Koma chikanunkha chivundi, chikawawa ngati ndulu, chikachita nkhungu kapena mtundu wofiirira, tayani ndipo musatengepo mbewu. Mufuliji chimakhala pafupifupi sabata, popanda fuliji pangani chongokwana tsiku limodzi kapena awiri. Mukachithira pansalu yoyera n'kuchisiya chikhe maola atatu, chimalimba, mapuloteni pa supuni amachuluka ndipo shuga wina amapita ndi madziwo.

Mankhwala ena sagwirizana ndi mkaka. Ciprofloxacin ndi doxycycline amagwidwa ndi kashiamu n'kulephera kulowa bwino m'magazi, ndiye musamwere mkaka, mutalikitse ndi maola awiri kapena kuposa. Amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, chenjerani ndi mapiritsi a kashiamu, a ayironi ndi a chilungulira, mufunse kuchipatala nthawi yoyenera kuwamwa.

Kusala kudya

Kusala kulibe matsenga. Mu 2022, ofufuza a ku Guangzhou ku China anatsata anthu 139 kwa chaka chathunthu. Onse anachepetsa chakudya mofanana, koma theka ankadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo basi. Kuonda kwa magulu awiriwa sikunasiyane kwenikweni. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2020, wa kusala maola 16 tsiku lililonse kwa masabata 12, anapeza kuti anthu anaonda pang'ono chabe, ndipo gawo lalikulu la zimene anataya silinali mafuta. Phindu lenileni la kusala n'lakuti limatseka khomo la zodyaidya za usiku.

Yambani ndi maola 12. Mgonero uthe pofika 7 koloko madzulo, kadzutsa 7 koloko m'mawa. Pakatha masabata awiri, ngati mukugona bwino ndipo mulibe chizungulire, bweretsani mgonero ku 6 koloko, kadzutsa apite ku 8 koloko. Amenewo ndi maola 14, ndipo kwa ambiri opitirira zaka 60 mpoyenera kuimira pomwepo, chifukwa chakudya katatu chikukwanabe m'maola khumi otsalawo. Maola 16 amakakamiza kudya kawiri kokha, ndipo kupeza magalamu 70 a mapuloteni pa mbale ziwiri n'kovuta kwa munthu amene chilakolako cha chakudya chachepa kale. Ngati muli ndi thupi lalikulu, muli ndi mphamvu ndipo simumwa mankhwala otsitsa shuga, mukhoza kuyesa masiku awiri kapena atatu pasabata. Kufulumiza mgonero kuli bwino kuposa kulumpha kadzutsa, chifukwa thupi limasamala bwino shuga m'mawa kusiyana ndi usiku.

M'maola osalawo imwani madzi ndi tiyi wopanda shuga komanso wopanda mkaka. Ludzu limachepa ndi ukalamba, ndiye musadikire kuti mulimve. Mkodzo ukhale wotuwa, osati wachikasu chakuda. Ibuprofen, diclofenac ndi asipulini musamwe m'mimba mulibe kanthu, zimabweretsa zilonda za m'mimba.

Kusala kwa chipembedzo ndi nkhani ina, chifukwa nthawi zambiri kumaletsa ndi madzi omwe. Wodwala shuga amene akufuna kusala mwezi wa Ramadan akaonane ndi adokotala masabata 6 mpaka 8 mweziwo usanayambe, kuti nthawi ndi muyezo wa mankhwala zisinthidwe. Amasule ngati shuga watsika kupitirira 3.9 mmol/L kapena wakwera kupitirira 16.6, ndipo Chisilamu chimalola wodwala kusasala. Chimodzimodzi a mapemphero a kuphiri: masiku atatu opanda madzi, m'nyengo yotentha, munthu akumwa mankhwala okodzetsa, impso zikhoza kuwonongeka. Pomasula yambani ndi madzi ndi chakudya chochepa, osati mbale yodzaza ndi zotsekemera.

Zimene mudzakumane nazo, ndi zoyeza

Sabata yoyamba mutu umapweteka, thupi limalefuka, ndipo sikelo imatsika msanga. Amenewo ndi madzi, si mafuta. Zimatha pakapita masiku ochepa. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muzimwa madzi a mchere. Pa muyezo wa magalamu 130 sizifunika, ndipo kwa wa BP n'zoopsa. Mchere wonse wa tsiku usafike supuni ya tiyi imodzi. Mukayamba kudzimbidwa, wonjezerani masamba, therere, nyemba ndi madzi. Amene mumatupa chala chachikulu cha kuphazi ndi matenda a gauti, chepetsani chiwindi, zam'kati, mowa ndi nsomba zing'onozing'ono, mudalire mazira ndi chambiko, ndipo musasale nthawi yaitali chifukwa kusala kumayambitsa kutupako.

Kuonda kukhale theka la kilogalamu pasabata. Kupitirira kilogalamu imodzi sabata ndi sabata kumadya minofu ndipo kumabweretsa timiyala m'ndulu. Ngati muli ndi makina oyezera shuga, yezani musanadye ndi pakatha maola awiri mutadya. Chiwerengero chachiwirichi chikhale pansi pa 10 mmol/L, kapena 180 mg/dL. Chikapitirira, mawa chepetsani nsima pa chakudya chomwecho muonenso. Mukatero mudzadziwa muyezo wa thupi lanu, osati wa mnzanu.

Kamodzi pamwezi yezani miyendo. Khalani pampando wolimba, manja pachifuwa, mudzuke n'kukhala kasanu mofulumira, wina akuwerenga nthawi. Kupitirira masekondi 15 ndiye kuti mphamvu zachepa. Nthawiyo ikamakwera mwezi ndi mwezi, ngakhale shuga akuoneka bwino, siyani kusala, wonjezerani dzira ndi kapu ya chambiko, ndipo ngati mukuondabe bwezeranipo theka la mtanda. Pakatha miyezi itatu bwererani kuchipatala akayeze BP, impso, kolesitolo ndi HbA1c, muyezo woonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayo, ngati zipangizo zilipo, mutanyamula kope limene mwakhala mukulembamo ziwerengero zanu, kuti adokotala aone ngati mankhwala ena akufunika kuchepetsedwa.